Ubale wa China uyesedwe pa msika wa Tandale

Dziko la China limadzitcha lotukuka kumene, mbale wa maiko a mu Africa, ngakhale chuma chake n'chachiwiri padziko lonse. Mawuwo ali ndi mbiri yowachitira umboni. Mu 1968 China idatsegula fakitale ya nsalu ya Urafiki ku Dar es Salaam, pafupi ndi dera la Tandale. Kuyambira 1970 mpaka 1975 idayala njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kukafika ku Kapiri Mposhi, pangongole yopanda chiwongoladzanja, maiko a azungu atakana. Tanzania ndi Zambia nawo adaivotera mu 1971 kuti itenge mpando ku United Nations. Malawi adabwera mochedwa, atasiyana ndi Taiwan kumapeto kwa 2007.

Koma ubale umaoneka pamsika. Mpunga, chimanga ndi nyemba za pa Tandale n'thukuta la alimi a m'dzikomo, pomwe mafoni, nsapato ndi zitenje zambiri zotchipa mumzindamo n'zochokera ku China. Amene adaphunzitsa Atanzania kuwomba nsalu pamakina ndiye akuwagulitsa nsalu lero.

Mlandu suli pa China yokha, pakuti wamalonda aliyense amafuna msika. Ulinso pa atsogoleri amene amapita ku Beijing aliyense payekha kukapempha ngongole. Popeza China yavomera kukonzanso TAZARA, maiko atatuwa alankhule ndi pakamwa pamodzi, afune mafakitale opota thonje ndi oyenga mafuta ophikira m'mbali mwa njanjiyo. Akapanda kutero, sitima idzangotulutsa mkuwa n'kubwera ndi katundu wa eni.