Njinga ya agogo: matayala sinthani, penti isiyeni

M'makomo ena m'dziko muno, m'kachipinda kosungira makasu ndi matumba a chimanga, mwagona njinga yamoto yakale. Mwini wake anali mphunzitsi wamkulu, mlangizi wa zaulimi kapena mkulu wa mpingo, ndipo ankaikwera popita kutchalitchi ndi kokatenga malipiro kuboma basi. Maso atayamba kuvuta anaifunditsa lona. Atatisiya, akuluakulu pogawa katundu anati njingayo atenge mdzukulu, poti ndiye amakonda za mainjini.

Mdzukuluyo, mwina ndinu amene mukuwerenganu, wapukuta fumbi pamita n'kupeza kuti njinga ya zaka 40 yangoyenda makilomita 9 000. Wakabaza wolimbikira mtunda umenewu amaumaliza m'miyezi ingapo chabe. Chithunzi chikangofika pa WhatsApp, malangizo ayambika. Wina akuti ipopere penti yakuda, wina akuti ika magetsi a LED ndi sipika, wina akuti aise usachedwe, iponye pa kabaza izikupatsa ya tsiku.

Ife tikuti dekhani kaye. Njinga zoyenda zangoti mbwee m'misewu yathu. Yosowa ndi njinga yakale imene ikadali momwe inatulukira kufakitale, ndipo ikangosinthidwa palibe makaniko amene angaibwezere mwakale.

Titenge chitsanzo cha Honda CG125. Kampani ya Honda inaitulutsa m'chaka cha 1975, akatswiri ake atayendera maiko ongotukuka kumene n'kuona kuti anthu amasenzetsa njinga katundu wolemera komanso amachedwa kusintha oyilo. Anapanga injini yosavuta kukonza, yopirira nkhanza. Inachita bwino moti mainjini a njinga zambiri za ku China zimene zili pa kabaza lero anatengera pulani yomweyo. Apa ndiye pagona msampha. Masipeya otsanzira ali paliponse, ku Limbe, ku Malangalanga, ku Mzuzu, ndipo ambiri amalowa bwinobwino. Lero makaniko asintha kabuleta, mawa mita, mkuja thanki. Chaka chisanathe mwatsala ndi njinga ya ku China yonyamula nambala ya agogo.

Komatu sitikunena kuti muisiye pansi pa lona mpaka kalekale. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Makilomita ochepa satanthauza kuti zonse zili bwino, chifukwa njinga yongogona imaonongeka mwakachetechete. Petulo wokhalitsa amasanduka phula n'kutseka timabowo ta m'kabuleta. Kuonjezera apo, petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, ntchito imene inayamba ku Dwangwa m'chaka cha 1982. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo chinyezi chikakhazikika m'thanki chimabereka dzimbiri. Amafooketsanso mapaipi a labala akale.

Choncho musathamangire kuiliza kuti mujambule kanema wa pa TikTok. Khuthulani petulo wakale, unikani m'thanki ndi tochi ya foni, sinthani oyilo, chotsani pulagi n'kudonthezamo oyilo pang'ono, kenako pondani kiki pang'onopang'ono kuti mumve ngati injini ikuzungulira momasuka. Injini youma ikalizidwa mwamphamvu imakalika m'kati m'masekondi ochepa, ndipo mukhala mwaononga zimene agogo anasunga zaka makumi anayi.

Pali zinthu zimene muyenera kusintha osaumira, chifukwa apa pali moyo wanu. Zoyamba ndi matayala ndi machubu. Tayala likhoza kuoneka latsopano, mano ake onse alipo, koma labala wake atauma ngati chikopa. Yang'anani manambala omaliza pambuyo pa zilembo za DOT m'mbali mwa tayala. Akakhala anayi, monga 2319, ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Akakhala atatu, linapangidwa chaka cha 2000 chisanafike, ndipo limenelo si loyenderanso pamsewu. Mabuleki nawo atsegulidwe, poti guluu wakale amatha kulekerera nsapato za buleki njinga ili pa liwiro. Batire, mapaipi a petulo, makebulo ndi tcheni zionedwe chimodzichimodzi.

Koma chilichonse chimene chachotsedwa musachisiye kugalaja. Chiikeni m'katoni, mulembepo tsiku, musunge. Ndipo makaniko azigwira ntchito inu muli pompo. Tonse tikudziwa momwe kabuleta ya ku Japan imatha kusowera, m'malo mwake n'kubwera ina yonyezimira.

Zosayenera kukhudza ndi izi: penti ya kufakitale, zilembo za pathanki, mita, chishalo ngati sichinang'ambike, mawaya a magetsi, nambala ya injini ndi ya felemu. Penti yozilala imafuna madzi, sopo ndi polishi, osati sandipepala. Kazipsera ka pathanki kamene kanabwera tsiku limene agogo anagwa pothawa mbuzi ndi mbiri ya banja lanu. Njinga zambiri za nthawi imeneyo zinali ndi magetsi a 6 volts, ndiye amene akudula mawaya kuti alumikize tchaja ya foni akuyambitsa mavuto amene sadzatha. Musanachite chilichonse, jambulani njinga yonse ndi foni, mita ndi manambala omwe, zithunzizo muzisunge pabwino.

Kunja anthu anazindikira kale zimenezi. Ku Britain njinga yamoto ikakwanitsa zaka 40 imawerengedwa ngati ya mbiri yakale, ndipo mwini wake atha kupempha kuti asamalipire msonkho wa pamsewu. Ogula njinga zakale kumeneko amafunsa kaye ngati penti ndi ya kufakitale ndiponso ngati manambala akugwirizana ndi mapepala.

Tikudziwa, wina anena kuti zimenezo ndi za anthu okhuta. Ntchito kulibe, lendi ikudikira, ndipo njinga ya kabaza imabweretsa ndalama madzulo aliwonse. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo sitikuipeputsa. Koma werengerani bwino. Kabaza amadya njinga: anthu awiri kumbuyo, thumba la makala, maenje, fumbi, matope. Njinga ya zaka 40 ikalowa m'menemo idzathera kwa makaniko, ndipo chimene chinaisiyanitsa ndi zinzake chidzakhala chitapita. Ngati zavutitsitsa, kuli bwino kuigulitsa yathunthu kwa munthu wodziwa mtengo wake, osathamanga, ndalamayo n'kuyambira geni kapena kuonjezera pa njinga yatsopano yopangidwira ntchito yotere. Kuiphwasula n'kumagulitsa chimodzichimodzi ndiye kutaya kwenikweni.

Nkhani ina imene achinyamata amaiiwala ndi ya mapepala. Mawu a pamaliro akuti "atenge uyu" sakwanira. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana awo, ndipo kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Khalani pansi ndi agogo otsalawo, amalume ndi azakhali, mugwirizane, zilembedwe. Fufuzani blue book ndi malisiti akale m'sutikesi ya malemu, kenako mukasinthe umwini ku Road Traffic. Njinga yopanda mapepala imavuta kugulitsa, imavuta pa rodibuloko, ndipo imadanitsa abale.

Zonse zikalongosoka, iyendetseni. Loweruka m'mawa, helemeti kumutu, laisensi ndi inshuwalansi zili m'malo, kazungulireni makilomita angapo kuti oyilo afike paliponse. Mukabwerako tsekani petulo, iikeni pouma, pamthunzi. Makilomita amene muonjezere mwanjira imeneyi sadzaichepetsa ulemu.

Agogo anaisamala zaka zonsezi pomwe analinso ndi fizi yolipira ndi zaka za njala zopirira. Ikafika m'manja mwanu, musakhale inu woimaliza m'chaka chimodzi.