Sitika ya pa pikapu ya gitala isakupusitseni

Ogulitsa katundu wamagetsi wa kaunjika akumana ndi mawu atsopano kwa makasitomala oimba: pikapu. Sakunena galimoto yonyamula makala ayi. Akunena kachipangizo kokhala pansi pa zingwe za gitala yamagetsi, kopangidwa ndi maginito ndi waya wa kopa wopyapyala ngati tsitsi, kamene kamatola kunjenjemera kwa zingwe n'kutumiza ku amplifaya. Kena n'kotchipa, kena kamagulidwa madola masauzande angapo ku America ndi ku Ulaya. Wamalonda wosadziwa kusiyanitsa amaluza kawiri: amagulitsa chamtengo wapatali pa mtengo wa bonya, kapena amapikula chabodza pa mtengo wa chenicheni.

Yotchuka kwambiri ndi ya kampani ya Gibson, yomwe anapanga Seth Lover, ndipo inayamba kuikidwa m'magitala a Les Paul mu 1957. Kunsi kwake ambiri ali ndi kasitika kakuda kolembedwa "Patent Applied For" m'zilembo zagolide, n'chifukwa chake amaitchula kuti PAF. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 sitikayo inasintha n'kukhala ndi nambala 2,737,842. Vuto n'lakuti masitika otere masiku ano amasindikizidwa n'kugulitsidwa pa intaneti kwa aliyense. Sitika payokha si umboni, monga mmene chizindikiro cha Nike pa nsapato ya pamsika sichitsimikizira kuti inatuluka kufakitale ya Nike.

Umboni wodalirika uli pa zinthu zovuta kukopera. Waya wokulunga PAF yeniyeni ndi wofiirira moderako. Pamwamba pa pulasitiki yomwe wayayo wakulungidwa pali kabowo kangodya zinayi kozunguliridwa ndi kamzere. Pa timiyendo tachitsulo ta kunsi pamaoneka timikwingwirima tosiyidwa ndi makina a kufakitale. Mukaipima ndi mita ya amisiri a wailesi, imaonetsa pakati pa ma ohm 7,000 ndi 9,000. Ikapanda kuonetsa kanthu, waya unaduka mkati ndipo mtengo watsika kwambiri. Koma dziwani kuti ngakhale yopangidwa chaka chatha ikhoza kuonetsa nambala yomweyo. Mita imatha kutsutsa, siitsimikiza.

Za Fender Stratocaster, gitala yomwe inatuluka mu 1954, zili ndi chizindikiro china: kunsi kwake kunali kwakuda mpaka cha m'ma 1964, kenako kotuwa.

Apa ndi pamene amalonda ambiri amalakwitsa, chifukwa mwambo wa pamsika ndi kupukuta katundu kuti awale, ndi kuphwasula chakufa n'kugulitsa zipangizo chimodzichimodzi. Pa gitala yakale mwambowu ndi woononga. Wogula wodziwa amayang'ana pomwe waya anawotcherera: ngati mtovu wake ndi wakale, wosakhudzidwa, ndiye kuti pikapuyo sinachotsedwepo. Amawerenganso manambala a pa tizitsulo tokwezera mawu, omwe amanena kampani, chaka ndi sabata yopangira. Mwachitsanzo 137 ndi ya CTS, 134 ya Centralab. Mukachotsa pikapu, mwataya mboni zonsezi. Mukatsegula chivundikiro chake kuti muone mkati, mwadula mtengo ndi manja anu. Dzimbiri lisiyeni.

Tinenenso zoona: mwayi wopeza PAF yeniyeni mu kontena ya kaunjika ndi wochepa zedi. Magitala akale omwe amapezeka kwambiri ndi a ku Japan, Korea ndi China, ena otengera maonekedwe a Gibson. Si onyozeka. A ku Japan a m'ma 1970, monga Greco ndi Ibanez, ali ndi ogula awoawo, ndipo oimba m'matchalitchi ndi m'mabandi amafuna gitala yolira bwino, osati mbiri yake. Wamalonda wonena poyera kuti "iyi ndi ya ku Japan, pikapu zonse zikugwira" amagulitsa msanga kuposa wokakamira dzina lomwe sangalitsimikize. Kugulitsa chinthu pochitchula dzina labodza n'kulakwiranso lamulo loteteza ogula, ndipo oimba amadziwana. Mbiri ya benchi yanu imafika kutali tsiku lisanathe.

Ikakugwerani gitala yokayikitsa, ijambuleni bwino kutsogolo, kumbuyo ndi nambala ya kumutu kwake, yerekezani ndi zithunzi ndi mitengo ya zomwe zinagulitsidwa kale pa Reverb kapena eBay, ndipo muonetse mmisiri wa magitala musanatchule mtengo. Wogula wokukakamizani kuti mumupatse lero lomwe, musanafunse kwina, adikire kaye mpaka mawa.