Bokosi la vinyo lafika, nanga wothyola mphesa ali kuti?

Loweruka lapitali a malume anga anandiitana kunyumba kwawo ku Namiwawa kuti ndikalawe zimene msuweni wanga wabwera nazo kuchokera ku Mangalande. A malumewa ndi mmodzi mwa anthu aja anathawa m'dziko muno nthawi ya chipani chimodzi nakakhala ku London zaka zochuluka. Anabwerako mu 1994, boma litakhululukira othawa kutsatira riferendamu ya pa 14 June 1993, koma mwana wawo wamkazi anatsalira konko. Tsono pobwera kudzacheza ulendo uno anatenga mabotolo atatu a vinyo wa ku South Africa.

Msuweniyu ati analowa kalabu ya vinyo. Mwezi ndi mwezi amamudula ndalama kubanki, ndipo bokosi limamupeza pakhomo muli mabotolo ochokera kwa opanga vinyo ang'onoang'ono, osati makampani akuluakulu aja odzaza masitolo. Botolo lililonse limabwera ndi kakhadi kofotokoza amene anapanga vinyoyo, kumene mphesa zinalimidwa, komanso chakudya choyenera kumwera.

Ndisanayambe kudandaula, ndivomere kuti nzeru imeneyi si yoipa ayi. Mpesa ukabzalidwa umatenga zaka zitatu kapena zinayi usanabereke zipatso zoti nkupangira vinyo. Akakolola, vinyo wofiira amakhalanso m'migolo chaka chathunthu kapena kuposerapo asanagulitsidwe. Migoloyo, mabotolo, zotsekera, malipiro a antchito, zonsezi zimafuna ndalama khobidi lisanalowe m'thumba, ndipo tonse tikudziwa m'mene banki imamuyang'anira munthu wopanda chikole. Choncho anthu zikwizikwi akamalipiriratu mwezi uliwonse, wopanga vinyo wamng'ono amapeza mpamba popanda kugwada kwa akatapira.

Chitsanzo chake chilipo. Kampani ya Naked Wines, yomwe Rowan Gormley, mbadwa ya ku South Africa, anayambitsa mu 2008 mumzinda wa Norwich ku Mangalande, imagwira ntchito motere: mamembala ake, omwe amatchedwa Angels, amaika ndalama mwezi uliwonse zoti adzagulire vinyo m'tsogolo, ndipo kampaniyo imapereka ndalamazo ngati mpamba kwa opanga vinyo oima paokha. Mmodzi mwa amene anapindula ndi Mayi Carmen Stevens, munthu woyamba wosakhala mzungu kumaliza maphunziro opanga vinyo ku South Africa, pakoleji ya Elsenburg mu 1995, atakanidwa malo kangapo kamba ka khungu lawo. Mu 2011 mamembalawa anawasonkhera ndalama zoyambira vinyo wa dzina lawo, ndipo mu 2019 mayiwa anatsegula malo awoawo opangira vinyo ku Stellenbosch. Izi ndi zoyenera kuziombera m'manja.

Kalabu ya msuweni wanga si imeneyi, ndi ina, ndipo sindiitchula. Chomwe chinandigwira mtima ndi makhadi aja. Ndinawawerenga onse atatu. Pa kakhadi koyamba panali chithunzi cha bambo wachizungu ndi galu wake, kumbuyo kuli phiri, ndi mawu onyadira kuti banja lawo lakhala pafamuyo mibadwo isanu ndi iwiri. Anatchula mtundu wa dothi, anatchula mphepo yochokera kunyanja, ngakhale dzina la galuyo analemba. Koma za anthu amene anathyola mphesazo dzuwa la February likuswa mtengo, ngakhale liwu limodzi panalibe. Makhadi enawo chimodzimodzi.

Ndinawafunsa a malume ngati ku London kuja ankamwa vinyo wa ku South Africa. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Mwanawe, ife ngakhale lalanje lakumeneko sitinkalikhudza," anatero. Ndipo nzoona. Gulu lolimbikitsa anthu kunyanyala katundu wa ku South Africa linayamba mumzinda wa London mu June 1959, Julius Nyerere ali mmodzi mwa olankhula pamsonkhano wake woyamba, ndipo ambiri mwa inu amene munali kunja munanyamula nawo zikwangwani pakhomo la masitolo. Nthawi yomweyo kuno kumudzi boma la Dr Banda linakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi Pretoria mu 1967, John Vorster anabwera kudzacheza mu 1970, Ngwazi nayo inapita mu 1971. Inu munkakana botolo limene akuluakulu a kuno ankatsegula pamaphwando awo.

Funso langa kwa inu makolo athu ndi ili: kodi chomwe munkanyanyala chija chinali mbendera ya dzikolo, kapena nkhanza zimene munthu wakuda ankaziona pafamu? Ngati inali mbendera, basi nkhani inatha pa 27 April 1994, imwani mwamtendere. Koma ngati zinali nkhanza, tiyeni tione kaye mibadwo isanu ndi iwiri ija.

Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 February 1659, nthawi ya Jan van Riebeeck, ndipo minda ya mpesa inakula ndi thukuta la akapolo, ena mwa iwo ogwidwa ku Madagascar ndi ku Mozambique, kwa anansi athu konkuno. Ukapolo utathetsedwa mu 1834, eni mafamu anapitiriza ndi chingwe china chomangira antchito, chomwe amachitcha dop: gawo lina la malipiro linkaperekedwa ngati vinyo, chikho m'mawa, chikho masana, chikho poweruka. Munthu wozolowetsedwa chonchi sachoka pafamu, komanso safunsa za malipiro. Lamulo linaletsa mchitidwewu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 koma unapitirirabe mpaka m'ma 1990, ndipo boma latsopano linachita kuuletsanso m'lamulo la mowa la 2003. Zipsera zake zikadalipo: chigawo cha Western Cape chili m'gulu la madera amene ali ndi ana ambiri zedi padziko lonse obadwa ndi ubongo wowonongeka chifukwa cha mowa umene mayi ankamwa ali woyembekezera.

Musaganize kuti ndikufukula za makedzana zokhazokha. Mu 2011 bungwe la Human Rights Watch linatulutsa lipoti lonena za antchito a m'mafamu a zipatso ndi vinyo ku Western Cape okhala m'nyumba zosayenera munthu, opopera mankhwala opanda zodzitetezera, ndi othamangitsidwa pamalo amene anabadwira. Chakumapeto kwa 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito, natseka msewu waukulu, pofuna R150 patsiku m'malo mwa R69 imene ankalandira. Boma linakweza kufika pa R105 mu March 2013, anthu ena atataya kale miyoyo. Ndipo tisaiwale kuti pakati pa aganyu a m'mafamu a ku Cape masiku ano pali anthu ochokera ku Zimbabwe, ku Lesotho, ndi abale athu a kuno ku Malawi.

Apa ndi pamene mawu akuti "wopanga wamng'ono" amandikayikitsa. Kuchepa kwa famu kukutiuza kuchuluka kwa mabotolo, sikukutiuza za khalidwe la mwini wake. Ife a Malawi izi sitiyenera kuchita kuphunzitsidwa. Tinakhala ndi thangata, tinakhalanso ndi matenanti a fodya, ndipo aliyense amene anakhalapo ku Kasungu kapena ku Mchinji akudziwa kuti bwana wa esiteti yaing'ono amatha kufinya tenanti koposa kampani yaikulu, poti kwa iyeyo kulibe mtolankhani kapena wa bungwe la antchito amene amafikako.

Ngakhale botolo litakhala la munthu wakuda, funsoli silitha. Mayi Ntsiki Biyela a ku Mahlabathini, ku KwaZulu-Natal, anakhala mkazi woyamba wachikuda kugwira ntchito yopanga vinyo m'dzikomo mu 2004, ndipo pambuyo pake anayambitsa vinyo wawo wotchedwa Aslina, dzina la agogo awo. Koma monga anzawo ambiri akuda a m'ntchitoyi, anayamba opanda munda wawo, mphesa akuchita kugula kwa alimi ena, pakuti nthaka ya mpesa pafupifupi yonse ikadali m'manja mwa azungu. Ndiye kuti dzina la pabotolo lasintha, zomwe ndi zabwino, koma pafamu mwina zinthu zili momwe zinalili.

Ena anena kuti ndikulowetsa ndale m'tambula ya munthu wotopa amene akungofuna kupumula. Ine sindikuti musiye kumwa, ndipo sindikuti kalabu ithe. Kunyanyala lero kungapweteke wothyola mphesa yemweyo. Ndikuti amene amalipiriratu mwezi ndi mwezi ali ndi mphamvu imene wogula botolo limodzi m'sitolo alibe, chifukwa kalabu imamudziwa dzina ndipo imaopa kuti angachoke. Njira zofufuzira zilipo kale: bungwe la WIETA, lomwe linayamba mu 2002, limayendera mafamu kuona m'mene antchito akusungidwira, ndipo vinyo wa Thandi anali woyamba padziko lonse kulandira chizindikiro cha Fairtrade mu 2003. Zizindikirozi zili ndi zofooka zake, koma kalabu imene ili ndi malo olembapo dzina la galu singasowe mzere umodzi wonena ngati famuyo inayenderedwa, ndi kuti waganyu amalandira zingati patsiku.

Za chakudya chomwera vinyo sindikhalitsapo. Makhadiwo ankatchula tchizi ndi nyama zimene m'Limbe simungazipeze, choncho tinangoyesa ndi zathu. Chenin Blanc, vinyo woyera wowawasa pang'ono amene South Africa imalima kuposa dziko lina lililonse, anayenda bwino zedi ndi chambo chootcha chothira ndimu. Pinotage, mtundu wa mphesa umene Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch m'zaka za m'ma 1920, amamata m'kamwa ngati tiyi wokhalitsa m'ketulo, koma ukalumako kanyenya wa mbuzi wonona kumatako kumatha. Ndi nkhwani wotendera, onse awiri analephera. A malume ati ulendo wina tidzayese vinyo wa zipatso wa Linga wa ku Lilongwe, wa jambula kapena wa chidede, poti amene anathyola zipatsozo tingathe kukawaona ndi maso pabasi.

Tisanabalalike ndinamupempha msuweni wanga kuti akabwerera akalembe kalata ku kalabu yake, akafunse mafunso atatu pa botolo lililonse la ku Cape: nthakayo ndi ya yani, othyola mphesa amalandira zingati, ndipo amagona m'nyumba zotani. Iye anaseka, nati kalata yoteroyo ikangoyankhidwa ndi kompyuta. A malume sanaseke nawo. Anatenga kakhadi ka galu kaja, nakatembenuza, nayamba kulemba okha mafunsowo kumbuyo kwake, ndipo pansi anasayina dzina lawo ndi zaka zimene anakhala ku London.