Denga likadontha ku Kapondo, imanyowa ndi fizi yathu

Ife a ku Kapondo tili ndi chizolowezi chochititsa manyazi. Tikafika kumudzi pa tchuthi timasanduka alendo: foni m'manja, mpando pansi pa mango, kudikira kuti atiitane nsima ikapsa. Nthawi yomweyo bambo ali pamwamba akufolera, mayi akumata nkhokwe. Ati ndife a ku koleji, tatopa ndi mabuku.

Koma fizi imene timalipira kuno imachokera kuti? Kwathu ku Mchinji imachokera m'matumba a soya ndi mtedza amene ali pansi pa denga lomwelo. Khomo la makolo athu siligula zambiri. Chimanga, nkhuku, mbuzi, ndiwo za kudimba, zonse n'zapakhomo. Limayenda chifukwa tsiku lililonse pali amene akukonza kanthu.

Tiyambe ndi denga. Udzu wofolera umamwetedwa cha mu June ndi July moto usanalowe m'tchire, wochedwa amagula. Chiswe chikadya phaso n'kusiyidwa, mvula ya mu December imalowa m'nyumba, ndipo mtedza ukanyowa umachita chuku. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Mtedza wakuda umene wogula wakana ndi womwe umasinjidwa n'kuthiridwa m'ndiwo za azing'ono athu. Ife timaphunzira za umoyo m'kalasi, timakhoza mayeso, koma kukwera padenga ndi mtolo wa udzu ayi.

Ndi chimanga chimodzimodzi. Matumba a PICS amapha nankafumbwe pomumana mpweya, opanda mankhwala, koma khoswe akaboola kamodzi ntchito yatha. Amafunika thandala, asakhudze pansi kapena khoma. Kukhoma thandala sikufuna mmisiri wa ku Kamwendo kapena ku boma. Ndi mitengo, misomali ndi masana amodzi. Nanga mpini wa khasu, nsichi ya khola, chubu cha njinga yopitira kuchigayo? Enafe timadziwa kukonza foni ikazima, koma kumata chubu timakalipira.

Ena anena kuti tikuphunzira kuti tichoke m'moyo umenewu. Kufuna ntchito ya mu ofesi si tchimo. Komabe tikuona anzathu amene anamaliza akudikira ntchito zaka, ndipo akudikirira kumudzi komweko, akudya za m'nkhokwe yomweyo. Komanso sukulu za mpingo wathu, kuyambira ku Malamulo kumene ntchito inayamba mu 1902, zinkaphunzitsa buku ndi ntchito zamanja pamodzi. Zoti wophunzira sagwira dothi tazitola kwina.

Anyamata, pano tisabisale. Lachisanu dzuwa lisanalowe madzi amakhala atatungidwa, nkhuni zawazidwa, chakudya cha pa Sabata chaphikidwa, zovala zasitidwa. Amachita ndani? Kawirikawiri ndi mayi ndi alongo athu, ngakhale mlongoyo atatsika nafe basi imodzi kuchokera ku koleji. Ife n'kumayimba mokweza potsegulira Sabata, iwo akuodzera pa mkeka.

Tchuthi chikubwerachi tisadikire kutumidwa. Tizungulire nyumba, nkhokwe ndi khola, tione pamene chiswe chalowa, kenaka tikapemphe bambo kuti: "Bambo, tandionetsani mmene mumamangira luzi pa phaso." Adzaseka kaye poona matuza m'manja mwathu, koma makwerero adzatigwirira.