Diripi Nayonso Ili ndi Muyeso Wace

M'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Navutika, munthu akabwerako ku cipatala funso loyamba limene anansi amafunsa ndi lakuti, "Kodi anamuika diripi?" Akamva kuti anangopatsidwa mapiritsi, amapukusa mitu nkunena kuti a dotolo sanamuone bwino. Mabanja ena amafika pokangana ndi manesi m'wodi. Ena amatenga wodwala nkupita naye kwa munthu wa m'komboni amene amakoleka botolo pa msomali wa m'cipinda cogona, malinga ndalama yalipiridwa.

Maganizo amenewa akuvulaza anthu ndipo afunika kusintha. Diripi ndi mankhwala monga mankhwala ena onse. Ili ndi matenda amene imathandiza, ili ndi muyeso wace, ndiponso ili ndi ngozi zace. Kafukufuku amene madotolo acita m'maiko osiyana-siyana, kuphatikizapo muno mu Zambia, waonetsa kuti diripi yoikidwa popanda cifukwa, kapena yothamangitsidwa, ikhoza kupha munthu amene akanacira.

ZIMENE ZILI M'BOTOLO

Anthu ambiri amaganiza kuti m'botolo la diripi muli cakudya ca mphamvu. Botolo limene limagwiritsidwa nchito kawiri-kawiri, la normal saline, ndi madzi oyera bwino okhala ndi magalamu 9 a mcere pa lita imodzi. Lina, la dextrose 5%, lili ndi magalamu 50 a shuga pa lita imodzi, amene ndi masupuni ang'ono pafupi-fupi 12. Mulibe zomanga thupi zimene zimapezeka mu nyemba, nshawa kapena kapenta. Wodwala amene angathe kumeza amapeza mphamvu zambiri m'mbale ya phala la nshawa kuposa m'botolo lathunthu la diripi.

Nchito yeni-yeni ya diripi ndi kubwezera madzi mwamsanga, kapena kulowetsa mankhwala m'magazi, pamene njira ya kukamwa yalephera. Apa ndipo imapulumutsa moyo. Mai amene akutaya magazi ambiri atabereka, mwana wokomoka ndi malungo amene afunika artesunate wa mumtsempha, munthu wopsa kwambiri ndi moto, kapena wopita ku opaleshoni, onsewa afunika kanyula pa mkono mosacedwa. Banja limene likana diripi pa nthawi ngati imeneyi nalonso limalakwa kwambiri.

Njira imeneyi inayamba ndi kolera. Mu 1832 Thomas Latta, dotolo wa ku Leith m'dziko la Scotland, analowetsa madzi a mcere m'mitsempha ya odwala kolera amene anali pafupi kufa, ndipo ena anatsitsimuka. Mpaka lero wodwala kolera amene maso alowa m'kati, sakuyankha bwino ndipo akusanza ciri conse, afunika diripi. Pa mliri umene unayamba mu Lusaka mu October 2023, boma linasandutsa bwalo la masewera la National Heroes Stadium kukhala malo ocizira, ndipo madiripi anapulumutsa anthu ambiri kumeneko.

Komabe odwala kolera ambiri amacira ndi madzi akumwa a ORS, amene akulu-akulu amawadziwa kuti Madzi a Moyo. Mu 1971 dotolo wa ku India, Dilip Mahalanabis, anali kusamalira anthu othawa nkhondo ya ku Bangladesh pa msasa wa Bangaon. Mabotolo a diripi atatha, anauza abale a odwalawo kuti aziwamwetsa madzi a mcere ndi shuga. Imfa zinatsika kucokera pa anthu pafupi-fupi 30 mwa 100 alionse kufika pa anthu osakwana 4.

Ndi cimodzi-modzi ndi cibayo ca ana. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2004 anatsatira ana 1,702 odwala cibayo cimene cimakokera cifuwa m'kati popuma. Anacitikira m'maiko 8, ndipo muno mu Zambia anacitikira ku Ndola. Ana ena anamwa amoxicillin, ena analasidwa nyeleti za penicillin. Atapita masiku awiri, ana amene mankhwala sanawagwire anali 19 mwa 100 alionse m'magulu onse awiri. Mankhwala akumwa anagwira nchito mofanana ndi nyeleti.

MADZI AKACULUKA

Akale anati walira mvula walira matope. Munthu akakhuta madzi amakankha kapu, koma madzi olowa mumtsempha thupi silingawakane. Amapita ku mtima mwacindunji. Akaculuka kuposa mmene mtima ndi impso zingathere, amadzaza m'mapapo ndipo wodwala amayamba kubanika ali gone pa bedi.

Kwa zaka zambiri madotolo anali kuphunzitsidwa kuti mwana wodwala kwambiri, wotentha thupi koma wozizira manja ndi mapazi, azipatsidwa madzi ambiri mumtsempha mofulumira. Kafukufuku wochedwa FEAST, wotsogoleredwa ndi Kathryn Maitland, anayesa njira imeneyi pa ana oposa 3,000 m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania. Zotulukapo zinafalitsidwa mu 2011 ndipo zinadabwitsa ofufuza eni ace. Mwa ana amene anapatsidwa madzi ambiri mofulumira, oposa 10 mwa 100 alionse anamwalira m'masiku awiri. Mwa ana amene anapatsidwa madzi pang'ono-pang'ono, anamwalira 7 mwa 100. Kafukufukuyo anaimitsidwa nthawi yace isanakwane. Ana otsekula m'mimba sanali m'gulu limeneli, cifukwa iwo vuto lao ndi kutha madzi kumene.

Akulu naonso anafufuzidwa, ndipo zinacitikira ku University Teaching Hospital mu Lusaka mu 2012 ndi 2013. Madotolo anatsatira akulu 209 amene matenda a tuzilombo anafalikira m'thupi lonse mpaka BP yao kutsika. Ambiri a iwo anali ndi kacirombo ka HIV. Gulu limodzi linathandizidwa ndi ndondomeko yatsopano yopatsa madzi ambiri m'maola 6 oyamba, pafupi-fupi malita 3.5, pamodzi ndi mankhwala okweza BP. Gulu lina linathandizidwa monga mwa masiku onse, ndipo linalandira pafupi-fupi malita 2. Zotulukapo zinafalitsidwa mu 2017. M'gulu la madzi ambiri anamwalira 48 mwa 100 alionse, pamene m'gulu lina anamwalira 33 mwa 100. Magulu onse awiri analandira diripi. Kusiyana kwakukulu kunali pa kuculuka kwa madzi ndi liwiro lace.

Ici ndico cifukwa cace nesi amawerenga madontho akuyang'ana pa wochi. Pa mapaipi ambiri a akulu, madontho 20 ndiwo mililita imodzi, motero lita imodzi yoyenera kutha m'maola 8 imayenda madontho pafupi-fupi 42 pa mphindi. M'bale amene atsegula kagudumu ka pa paipi kuti botolo lithe msanga akhoza kulowetsa m'mphindi zocepa madzi amene anayenera kuyenda usiku wonse. Kwa khanda, nkhalamba, wodwala mtima kapena impso, ndi mwana wotupikana cifukwa cosowa zakudya m'thupi, zimenezi zikhoza kubweretsa maliro.

KANYULA NDI KHOMO LOTSEGUKA

Khungu ndi mpanda wa thupi. Kanyula ndi kapaipi kofewa ka pulasitiki kamene kamatsala mumtsempha, nyeleti yace imacotsedwa nthawi yomweyo. Nthawi yonse imene kali pa mkono, mpanda uja uli ndi polowera. Tuzilombo tumene tumakhala pa khungu la munthu, maka-maka tochedwa Staphylococcus aureus, tungalowe pamenepo nkufika m'magazi.

Mavuto amene amaoneka kawiri-kawiri ndi atatu. Loyamba, mtsempha umatupa, umafiira, umawawa ndipo umalimba ngati cingwe. Laciwiri, kanyula kamacoka mumtsempha ndipo madzi amayamba kulowa m'mnofu, dzanja nkutupa ndi kuzizira. Mankhwala ena akalowa m'mnofu amaocha nkusiya cilonda covuta kupola. Lacitatu, ndipo loopsa kwambiri, tuzilombo tumalowa m'magazi. Wodwala amene anali kupezako bwino amayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera, nthawi zina pa kanyula pakutuluka mafinya.

Kale m'zipatala zambiri lamulo linali lakuti kanyula kazisinthidwa pakapita masiku atatu kapena anai. Mu 2012 gulu la Claire Rickard, nesi wofufuza wa ku Queensland m'dziko la Australia, linafalitsa kafukufuku wa odwala 3,283. Ena anali kusinthidwa kanyula masiku atatu alionse. Ena anali kucotsedwa pokhapo pamene paoneka vuto kapena nchito yace yatha. Kutupa kwa mtsempha kunagwira odwala 7 mwa 100 alionse m'magulu onse awiri. Phunziro lace ndi lakuti cimene cimateteza wodwala ndi kuyang'ana pa mkono tsiku ndi tsiku, ndi kucotsa kanyula mwamsanga pakaoneka cizindikiro kapena kakakhala kopanda nchito.

Ku Michigan m'dziko la America, Peter Pronovost ndi anzace anaonetsa mu 2006 kuti matenda olowera pa mapaipi akulu-akulu oikidwa m'mitsempha ya m'khosi ndi pa cifuwa angacepetsedwe kwambiri. M'mawodi 103 a odwala mwakaya-kaya, matendawa anatsika mpaka ndi magawo awiri mwa atatu. Sanagule makina atsopano. Analimbikira kusamba m'manja, kupukuta khungu ndi mankhwala opha tuzilombo, kubvala ndi kuyala nsalu zoyera poika paipi, ndi kucotsa paipi iri yonse yosafunikanso. Mu May 2024 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo a kasamalidwe ka kanyula, ndipo linati odwala ofika 70 mwa 100 ogonekedwa m'cipatala amaikidwa kanyula. Nkhaniyi ikhudza banja liri lonse.

NCHITO YA WOSAMALIRA WODWALA

Usiku nesi mmodzi amayang'anira mabedi ambiri. Diso limene lili pafupi ndi mkono wa wodwala ndi la mai, mlongo kapena mwana amene akugona pambali pa bedi. Munthu ameneyu ali ndi nchito yaikulu.

Asakhudze kagudumu ka diripi, ngakhale aone kuti madontho akuyenda mocedwa kapena aima. Aitane nesi. Asacotse paipi yekha pofuna kubvula wodwala malaya kapena kupita naye ku cimbudzi, cifukwa nsonga ya paipi ikakhudza bulangeti kapena pansi imatola tuzilombo. Pomusambitsa, pulasitala ya pa kanyula isanyowe. Ikanyowa, ikada kapena ikamatuka, ifunika kusinthidwa, ndipo isamangidwe ndi citenje.

M'mawa ndi madzulo ayang'ane pa mkono ndi kuyerekeza ndi mkono winawo. Kufiira, kutupa, kuwawa, kudontha kwa madzi kapena mafinya ndi nkhani yokauza nesi nthawi yomweyo. Mwana wamng'ono sanena kuti pakuwawa, amangolira akakhudzidwa dzanja. Wodwala akayamba kupuma mobvutikira, kutsokomola kapena kutupa nkhope diripi ili m'kati, m'bale athamange kukaitana thandizo, asadikire kuti kuce.

Pamene a dotolo akuzungulira m'wodi, funso labwino ndi lakuti, "Kodi kanyula aka kakali kofunika?" Wodwala amene wayamba kudya ndi kumwa kawiri-kawiri angasinthidwe kupita pa mankhwala akumwa, ndipo cimeneci ndi cizindikiro cakuti akucira. Asatuluke m'cipatala kanyula kali pa mkono, pokhapo ngati a cipatala anena cifukwa cace ndi tsiku lobwerera. Ngati pamalopo patupa kapena thupi latentha atafika ku nyumba, abwerere ku kiliniki ndi kunena kuti anali ndi kanyula.

Anchito a zaumoyo naonso ali ndi mbali yao. Kusamba m'manja asanagwire kanyula, kupukuta khungu ndi sipiriti nkudikira kuti paume, ndi kulemba tsiku pa pulasitala ndi zinthu zosadya nthawi. M'bale akafunsa, ayankhidwe mwaulemu. Mabanja ambiri amaumirira diripi cifukwa palibe amene anawafotokozera cifukwa cace mapiritsi ndi okwanira. Mau ocepa ofotokoza bwino angathetse mkangano usanayambe. Akulu-akulu oyendetsa zipatala aonetsetse kuti m'wodi muli madzi, sopo, magulovu ndi pulasitala, pakuti nesi sangasambe m'manja pa pompi youma.

Za madiripi a m'nyumba za m'komboni, mau ndi amodzi: ndi zoopsa. Woika diripi kuseri kwa nyumba sanapime mtima kapena impso za wodwala, sadziwika kumene anatenga botolo, ndipo wodwala akayamba kubanika alibe mpweya wa oksijeni womupatsa. Kiliniki iri yonse ya eni ace iyenera kukhala ndi cilolezo ca Health Professions Council of Zambia, ndipo banja lili ndi ufulu wopempha kuciona. Munthu wotopa, wa matsire kapena wofooka ndi malungo amene angathe kumeza afunika kupimidwa ku kiliniki, kumwa mankhwala ace, kumwa madzi ndi kudya.

Pa nyumba iri yonse pazikhala mapaketi a ORS, maka-maka nyengo ya mvula ikayandikira. Paketi ya lita imodzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, ndipo wotsekula m'mimba ayambe kumwa ali pa njira yopita ku kiliniki. Akafika, a dotolo ndiwo adzaona ngati pafunika diripi, ya mtundu wanji, ndi madontho angati pa mphindi.