Ngongole inabwerera, Ambuye Mazombwe kulibe

Pa 29 Ogasiti 2013, Kadinala Medardo Joseph Mazombwe anatisiya ali m'chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, patatsala milungu yochepa kuti akwanitse zaka 82. Ife Akatolika a ku Nangongwe, m'tauni ya Kafue, tinali nkhosa zawo kwa zaka khumi, kuyambira 1996 mpaka 2006, pamene ankatsogolera arkidayosizi ya Lusaka, komwe Kafue akuwerengedwa. Ana amene ankaphunzira katekisimu nthawi imeneyo lero ndi makolo, ena ndiwo akuyendetsa miphakati. Nthawi yakwana yoti tiwerengere: mwa zomwe Ambuye anatisiyira, tasunga ziti, ndipo tataya ziti?

Mbiri yawo ambiri amaidziwa. Anabadwa mu 1931 kum'mawa kwa dziko lino, nadzozedwa unsembe mu 1960. Mu 1971 anadzozedwa kukhala episkopi wa Chipata ndipo anakhala kumeneko zaka 25 asanaitanidwe ku Lusaka. Papa Benedict XVI anawapatsa ukadinala pa 20 Novembala 2010. Anali mbadwa yoyamba ya Zambia kulandira ulemuwo, chifukwa Kadinala Adam Kozłowiecki, amene anaulandira mu 1998, anali mmishonale wochokera ku Poland. Tchalitchi chachikulu cha Mwana Yesu ku Lusaka chinamalizidwa m'nthawi yawo.

Zonsezi n'zoona, ndipo n'zosavuta kukumbukira chifukwa sizitilamula kuchita kalikonse. Cholowa cholemera ndi nkhani ya ngongole.

Aliyense amene anali ku Kafue m'zaka za m'ma 1990 safunika kuuzidwa. Tauni ino inakula chifukwa cha mafakitale, makamaka Nitrogen Chemicals yopanga feteleza ndi Kafue Textiles yoluka nsalu. Boma litayamba kutsatira mfundo za IMF ndi World Bank, kugulitsa makampani ake ndi kutsegula malire kuti katundu wakunja alowe, salaula anadzaza misika, fakitale ya nsalu inayamba kufooka mpaka inatseka, ndipo ya feteleza inatsala ikupuma movutikira. Abambo amene ankadzuka ndi wezulo ya kufakitale anayamba kuswa miyala, kuwotcha makala kapena kupita kumtsinje kukasaka nsomba. Kuchipatala kunabwera malipiro. Edzi inkatenga anthu mlungu ndi mlungu. Pa nthawi yomweyo dziko linali ndi ngongole yakunja ya madola pafupifupi 7 biliyoni, ndipo ndalama zomwe zikanagula mankhwala zinkapita kukalipira chiwongoladzanja.

Ambuye Mazombwe anakana kunena kuti izi n'za andale okha. Anaima patsogolo pa gulu la Jubilee 2000 m'dziko muno, pamodzi ndi mipingo ina ndiponso akatswiri a ku JCTR, likulu la Ajezuiti lofufuza za moyo wa anthu. Maziko ake anali m'buku la Levitiko mutu 25, lomwe limakamba za chaka cha 50 chomasula akapolo ndi kubwezera eni minda yawo. Anthu wamba anasaina zikalata zopempha kuti ngongole ikhululukidwe, ena atangotuluka mu Misa. Mu 2001, Ambuye ali wapampando wa maepiskopi, Mpingo unalowanso mu Oasis Forum kukana kuti Pulezidenti Chiluba asinthe malamulo n'cholinga choti aimenso kachitatu. Panali Akatolika ena amene anadandaula kuti wansembe malo ake ndi paguwa. Timawamva, koma sitigwirizana nawo: paguwa pamabwera anthu amene agona ndi njala.

Ntchitoyo inabala zipatso. Mu Epulo 2005 Zambia inakwaniritsa zofunika za ndondomeko ya HIPC yochepetsa ngongole za mayiko osauka, mu Julayi atsogoleri a mayiko olemera anagwirizana ku Gleneagles, ndipo pofika 2006 ngongole yaikulu ija inali itatsika kufika pansi pa biliyoni imodzi. Chaka chomwecho boma la a Mwanawasa linachotsa malipiro m'zipatala za kumidzi.

Kenaka tonse tinagona. Dziko linayambanso kukongola, tsopano kumisika ya ndalama ya kunja ndi ku China. Ena anachenjeza, maepiskopi nawonso analemba makalata, koma m'maparishi mwathu makalatawo ankawerengedwa pa zolengeza, anthu maso ali kukhomo. Mu Novembala 2020, patangopita zaka 7 Ambuye atamwalira, Zambia inalephera kulipira madola 42.5 miliyoni a chiwongoladzanja cha Eurobond, nikhala dziko loyamba mu Africa kugwa chotero m'nyengo ya Covid-19. Mgwirizano wokonzanso kabwezedwe ka madola 6.3 biliyoni unapezeka mu Juni 2023 ku Paris. Kumeneko kunali kutalikitsa nthawi ndi kuchepetsa chiwongoladzanja, osati kufafaniza. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Kafue akuilipirabe ngongoleyo pa mtengo wa unga ndi wa mafuta, ndipo zikamuthina amathawira kwa wa kaloba, kumene chifundo cha Jubilee sichinafikeko.

Papa Francis, polengeza Jubilee ya 2025, anapemphanso mayiko olemera kuti akhululukire osauka ngongole. Pempholo ndi labwino. Koma ife amene tinakhululukidwa kale n'kubwereranso m'dzenje lomwelo tiyenera kulankhula ndi nkhope yotsika pang'ono.

Kutsogoloku, sitikuganiza kuti yankho ndi kudikira Mazombwe wina. Chida anatisiyira kale. Maepiskopi a AMECEA, bungwe la maepiskopi a chigawo chino cha Africa lomwe Ambuye analitsogolera kuyambira 1979 mpaka 1986, anasankha m'zaka za m'ma 1970 kuti Mpingo umangidwe pa miphakati. Miphakati yathu ya ku Nangongwe imagwira ntchito yaikulu: kuyendera odwala, kusonkha pamaliro, kusesa tchalitchi, kutolera mtulo. Palibe amene angainyoze. Chomwe chikusowa ndi funso limodzi pamisonkhano yake: ndalama za anthu zikupita kuti?

Funsoli tsopano lili pafupi kwambiri kuposa kale. Mu 2022 ndalama za CDF, zachitukuko cha m'madera, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Mapempho a mijigo, makalasi, ngalande ndi thandizo la fizi amadutsa m'makomiti a chitukuko a mawodi, kumene munthu wa ku Nangongwe angafike ndi miyendo, osakwera ndege yopita ku Paris. Ndi miphakati ingati imene ikudziwa mayina a anthu a m'komitiyo? Ndi ingati inafunsako kuti ntchito yomwe inalonjezedwa chaka chatha inafika pati, ndipo anaipatsa ndani?

Tikupempha abambo mfumu, akatekisiti, amayi a m'mabungwe ndi achinyamata: pa 29 Ogasiti tipereke Misa yopempherera mzimu wa Ambuye Mazombwe monga mwa mwambo. Lamulungu lotsatira, mphakati uliwonse usankhe anthu awiri odziwa kuwerenga, apite ku msonkhano wa komiti ya wodi, abwere adzatiuze zomwe amva.