Morphine si mdani wa pemphero

Tili ndi chizolowezi chozunza odwala khansa m'makomo mwathu. Mayi akabwera kuchokera kuchipatala cha Neno kapena cha Lisungwi ndi botolo la morphine, timawanong'oneza kuti aleke kumwa, adalire Mulungu yekha. Akapatsidwanso mapiritsi a matenda okhumudwa, timati chikhulupiriro chawo chazilala.

Kodi tidaiwala Hezekiya? Mulungu atamulonjeza kale zaka zina 15, Yesaya adalamulabe kuti amuike nkhuyu pa chithupsa chake.

Ululu ukachepa, wodwala amagona, amadya, amathanso kupemphera nafe. Mapiritsi a kukhumudwa aja amatenga masabata angapo asanayambe kugwira ntchito, ndipo sasiyidwa mwadzidzidzi, ngakhale chithandizo cha khansa chitatha. Tikapita kukazonda, titatha kuimba ndi kupemphera, tifunsenso ngati amwa mankhwala a madzulo.